Kuchokera ku Ahmedabad Kukafika ku Pij: Tsiku Limodzi la Kanema wa Alimi

Kumadzulo kwa dziko la India kuli chigawo cha Gujarat. Mzinda waukulu koposa m'chigawochi ndi Ahmedabad, umene unamangidwa tsidya lino ndi tsidya lina la mtsinje wa Sabarmati. Munthu akatuluka mumzindawu pa msewu kapena pa njanji yolowera ku Vadodara, nyumba zosanjikizana ndi mafakitale zimayamba kuchepa, ndipo posakhalitsa amalowa m'chigwa chachonde chotchedwa Charotar. Dziko lake ndi lathyathyathya, minda ndi ing'onoing'ono, ndipo m'malire mwa minda muli mitengo ya mango ndi ya nimu. Atayenda makilomita pafupifupi 60 amafika m'tauni ya Nadiad, likulu la boma la Kheda. Makilomita ochepa kuchoka pamenepo pali mudzi wa Pij.

Mlimi wa ku Kasungu kapena wa ku Chipata sangavutike kuzindikira zimene zili m'minda ya kumeneko. Muli fodya, mpunga, mchewere, nthochi ndi ndiwo zamasamba. Fodya wa ku Charotar ndi wotchuka m'dziko lonse la India, ndipo wambiri amapichira ndudu zing'onozing'ono zotchedwa bidi. Ngakhale maina a pa zikwangwani za masitolo si achilendo kwenikweni, pakuti amwenye ambiri amene anakhazikika ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Lusaka makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo dzina la Patel ndi lofala zedi ku Charotar. Chimene chingamudabwitse mlendoyo ndi ziweto: pafupifupi khomo lililonse la mlimi limasunga njati zoweta, zakuda ndi zofatsa, zimene zimakamidwa m'mawa ndi madzulo.

Mudzi wa Pij sulinso wosiyana ndi midzi ina ya m'derali. Komabe dzina lake limatchulidwa m'mabuku a anthu ophunzira za kufalitsa uthenga wa chitukuko, chifukwa m'chaka cha 1975 pamudzipa panaimikidwa mlongoti woulutsira wailesi ya kanema imene inakonzedwera anthu a kumudzi. Nthawi imeneyo kanema ku India ankapezeka m'mizinda yochepa chabe. Ku South Africa wailesi ya kanema inali isanayambe n'komwe mpaka mu Januwale 1976, ndipo ku Malawi inadzayamba mu 1999. Msewu wa pakati pa Ahmedabad ndi Pij ndi njira yabwino yoonera mmene tsiku limodzi la kanema ameneyu linkayendera, kuyambira m'mawa mpaka usiku.

M'mawa: Phunziro lodzera pamwamba pa nyanja ya Victoria

Tsikulo linkayambira ku Ahmedabad, pa likulu lotchedwa Space Applications Centre la bungwe la ISRO, limene limayang'anira za kafukufuku wa mlengalenga ku India. Pamalopa panali chimbale chachikulu chotumizira zithunzi ndi mawu kumwamba. Kumwambako, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, kunali setilaiti yotchedwa ATS-6 ya bungwe la NASA la ku America. Setilaitiyi inaulutsidwa mu Meyi 1974, ndipo mu 1975 anaisuntha n'kuiimika pamwamba pa dera la nyanja ya Victoria ku East Africa kuti izitha kuona dziko la India bwinobwino. Choncho phunziro lililonse limene mwana wa ku India ankaonera linkayamba ladutsa pamwamba pa Africa.

Setilaitiyo inali yobwereka kwa chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Ogasiti 1975 mpaka pa 31 Julayi 1976, malingana ndi pangano limene maiko awiriwa anasainirana mu 1969. Ntchitoyi inkadziwika ndi dzina lachidule lakuti SITE. Mwini maganizo ake anali Vikram Sarabhai, katswiri wa sayansi wobadwira ku Ahmedabad komweko, amene ankakhulupirira kuti luso lapamwamba liyenera kuyamba latumikira anthu osauka. Iye anamwalira mu Disembala 1971, ntchitoyo isanayambe.

Kuchokera pa setilaiti, zithunzi zinkatsikira m'midzi pafupifupi 2,400 ya m'zigawo 6: Rajasthan, Bihar, Orissa, Madhya Pradesh, Andhra Pradesh ndi Karnataka. Midziyi inasankhidwa dala m'maboma otsalira pa chitukuko. M'mudzi uliwonse munali kanema mmodzi wa zithunzi zakuda ndi zoyera, kawirikawiri pasukulu, ndipo panja pankaima mbale yolandirira yotambalala mamita atatu. Mbaleyo inali yolukidwa ndi waya wonga uja wotchingira khola la nkhuku, kuti ikhale yotsika mtengo, yopepuka ndiponso kuti mphepo izingodutsa. Zipangizo zimenezi anazipanga ku India komweko. M'midzi ina ya ku Orissa, kumene kunalibe magetsi, makanemawo ankayendera mabatire.

Masiku a sukulu, ola limodzi ndi theka la m'mawa linali la ana a zaka 5 mpaka 12. Nthawiyi inkagawidwa mofanana pakati pa zinenero zinayi, zomwe ndi Hindi, Oriya, Telugu ndi Kannada, kotero kuti chinenero chilichonse chinkalandira mphindi 22 ndi theka. Mphindizi zikuoneka zochepa, koma kwa mwana amene anali asanatulukepo m'boma lakwawo zinali zokwanira kumuonetsa nyanja, sitima ya pamtunda kapena mmene mbewu imamerera pansi pa nthaka. Mapologalamu a sayansi ankakonzedwa ku Bombay, mzinda umene lero umatchedwa Mumbai, ndipo ena ankakonzedwa ku Delhi, ku Cuttack ndi ku Hyderabad. Aphunzitsi ankalandira timabuku towauza zoyenera kuchita ndi ana pologalamu isanayambe komanso itatha, chifukwa okonzawo ankadziwa kuti kanema akangozimitsidwa ana n'kubwerera ku masamu osakambirana kanthu, zoonerazo zimauluka ngati utsi.

Sukulu zikatsekera, nthawi ya m'mawayo inkaperekedwa kwa aphunzitsi eni ake. M'magawo awiri a maphunziro a patchuthi, aphunzitsi a sukulu za pulayimale pafupifupi 50,000 anaphunzira njira zophunzitsira sayansi pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamudzi. Ofufuza atayerekeza ana oonera ndi osaonera anapeza kuti oonerawo anapita patsogolo pa chinenero ndipo ankafunsa mafunso ambiri. Anapezanso kuti kanema sanasinthe kwenikweni chiwerengero cha ana obwera kusukulu. Mwana amene makolo ake ankamufuna kubusa kapena kumunda ankapitabe kubusa ndi kumunda.

Masana: Kanema atazimitsidwa

Pofika masana makanema onse aja ankakhala atazimitsidwa ndi kutsekeredwa. Nthawi imeneyi ndiyo inali ya anthu amene sankaoneka pa galasi. M'mudzi uliwonse munali munthu mmodzi wosunga kanema, nthawi zambiri mphunzitsi, amene ntchito yake inali kutsegula pa nthawi yake, kusamala chipangizocho ndi kutumiza uthenga chikawonongeka. Amisiri okonza ankayendayenda pa magalimoto kuchokera m'malo okonzerako amene anakhazikitsidwa m'dera lililonse. Ntchitoyo inayamba m'kati mwa dzinja, misewu ili matope okhaokha, ndipo m'miyezi ya Epulo ndi Meyi inakumana ndi kutentha kopitirira madigiri 40. Vuto lina lalikulu linali kuzimazima kwa magetsi. Wosunga kanema akadwala, akasamutsidwa kapena akapita kumaliro ndi kiyi m'thumba, mudzi wonse unkagona osaonera, ngakhale kuti setilaiti inali ikugwira ntchito bwinobwino kumwambako.

Panalinso ofufuza za chikhalidwe cha anthu amene anakakhala m'midzi ina kwa miyezi yambiri, ntchitoyo isanayambe, ili m'kati ndiponso itatha. Iwo ankalemba amene wabwera kudzaonera, amene wakhala kutsogolo, amene waima kumbuyo ndi amene sanabwere n'komwe, kenaka n'kutumiza zimene apeza kwa okonza mapologalamu.

Masana omwewo ndiyo nthawi yonyamuka ku Ahmedabad kulowera ku Pij. Lero pali msewu waukulu wothamanga umene unamalizidwa mu 2004, koma mu 1975 ulendowu unali wa pa msewu wopapatiza wodzaza ngolo za ng'ombe ndi magalimoto onyamula zigubu za mkaka. Dera limene msewuwu umadutsa lili ndi mbiri ya alimi osaopa kulankhula. Mu 1918, mbewu zitakanika, alimi a ku Kheda anakana kukhoma msonkho wa malo ku boma la atsamunda a ku Britain, motsogozedwa ndi Mohandas Gandhi ndi Vallabhbhai Patel, amene anabadwira ku Nadiad. Mu 1946 alimi a mkaka a m'boma lomweli, atatopa ndi mitengo yowadyera masuku pamutu, anakhazikitsa kopaletivi yawo m'tauni ya Anand motsogozedwa ndi Tribhuvandas Patel. Kopaletiviyi ndiyo inabala dzina la Amul, ndipo Verghese Kurien anaikulitsa mpaka inakhala chitsanzo cha dziko lonse. Mu 1997 Anand inapatulidwa kukhala boma palokha, koma m'zaka zimene zikukambidwa pano inali mbali ya Kheda.

Mbiri imeneyi ndiyo ikufotokoza chifukwa chake dera la Kheda linali loyenera ntchito yamtundu wina. Gujarat sinali m'gulu la zigawo 6 zija. M'malo moika mbale m'mudzi uliwonse, akatswiri anaimika mlongoti umodzi ku Pij, wokhala ndi makina oulutsira a mphamvu yochepa amene anaperekedwa ndi nthambi ya United Nations yoona za chitukuko ya UNDP. Mlongotiwo unkafikira midzi yozungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35. Makanema oposa 600 anaikidwa m'midzi pafupifupi 400, m'malo osonkhanira anthu monga m'sukulu, m'nyumba za makhonsolo a midzi ndi m'malo ogulitsira mkaka a kopaletivi. Phindu la mlongoti wapafupi linali lakuti, kuwonjezera pa zochokera ku Delhi, unkatha kuulutsa mapologalamu a m'chinenero cha Gujarati okamba za anthu a m'boma lomwelo.

Madzulo: Mkaka, nkhani ndi sewero

Dzuwa likapendeka, amayi a m'midzi ya ku Kheda ankakama njati zawo n'kunyamula mkaka m'timiphika ta chitsulo kupita nawo ku kopaletivi. Kumeneko mkakawo unkayezedwa kuchuluka kwake ndi mafuta ake, ndipo mtengo unkatengera mafutawo. Pamalo pamene anthu ankasonkhana kale tsiku ndi tsiku ndi pamene kanema ankawapeza. Sipankafunika kumemeza msonkhano kapena kulipira munthu kuti abwere.

M'dziko lonse, ntchito ya SITE inkaulutsa maola awiri ndi theka madzulo aliwonse, kotero kuti pamodzi ndi a m'mawa aja ankakwana maola anayi pa tsiku. Za madzulo zinali za aliyense: ulimi wamakono, kasamalidwe ka ziweto, zaumoyo, kadyedwe koyenera, kulera, nyimbo, magule ndi masewero. Mwambo wa pologalamu ya alimi unalipo kale, pakuti Krishi Darshan inayamba pa 26 Januwale 1967 m'midzi 80 yozungulira Delhi. Theka la ola linkasungidwira pologalamu ya dziko lonse yochokera ku Delhi, mmene munali nkhani. Apa m'pofunika kukumbukira kuti mu Juni 1975 boma la Indira Gandhi linalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, limene linatseka pakamwa nyuzipepala ndi kuponya m'ndende atsogoleri otsutsa. Choncho nkhani zoyamba zimene anthu ambiri a kumudzi anaonera pa kanema zinali zosefedwa ndi boma.

M'masabata oyamba anthu ankakhamukira pa kanema mmodzi m'mazanamazana, ena ochokera midzi yoyandikana. Chidwi cha chinthu chachilendo chitatha, chiwerengerocho chinatsika kufika pa anthu osakwana 100 m'midzi yambiri, ndipo ambiri mwa iwo anali ana. Nthawi yokolola ndi nyengo yozizira zinkachepetsanso oonera. Amayi, amene nthawi ya pologalamu inkawapeza ali pamoto, ankabwera ochepa kusiyana ndi abambo. M'dziko limene anthu amabadwira m'magulu osiyanitsa apamwamba ndi apansi, ngakhale malo okhala pa bwalo loonera ankasonyeza yemwe ali ndi mphamvu m'mudzi.

Okonza mapologalamu a ku Kheda anasankha kuloza makamera awo pa zinthu zimenezi. Iwo ankachoka m'nyumba yojambulira ku Ahmedabad n'kupita m'midzi ndi makamera onyamula pamanja. Anthu a m'midzimo ankalemba nawo nkhani za masewero, ena n'kusewera. Pologalamu isanaulutsidwe ankayamba aionetsa kwa anthu ochepa a kumudzi kuti aone ngati ikumveka. Nkhani zake zinali za kusalana chifukwa cha gulu limene munthu wabadwira, malipiro a anthu aganyu ochepera pa amene lamulo limanena, uchidakwa, kuponderezedwa kwa amayi ndi kayendetsedwe ka makopaletivi. Masewero awiri amene anatchuka kwambiri anali Chatur Mota, lokamba za mkulu wina wa m'mudzi, ndi Nari Tu Narayani, lokweza ulemu ndi mphamvu za amayi. Sewero lili ndi ubwino wake: waganyu amene sangayerekeze kutsutsa mwini munda pamaso amatha kuona nkhani yake ikuseweredwa, mudzi wonse n'kuseka kapena kukhala chete, popanda munthu wotchulidwa dzina.

Mapologalamu ena ankajambula madandaulo a anthu a m'mudzi, n'kukawaonetsa kwa akuluakulu a boma oyenera kuyankha, kenaka n'kuulutsa dandaulo ndi yankho pamodzi. Mkulu amene walonjeza kanthu pa kanema ankadziwa kuti midzi mazana yamumva. Uku ndiko kunali kusiyana kwakukulu pakati pa m'mawa wa setilaiti ndi madzulo a ku Pij. Setilaiti inkatsitsa nzeru kuchokera kumwamba kupita kwa anthu, pamene mlongoti wa ku Pij unkathanso kunyamula mawu a anthuwo kupita nawo ku maofesi.

Usiku: Mlongoti uchotsedwa

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pa 31 Julayi 1976 chaka chobwereka chija chinatha, ndipo NASA inabweza setilaiti yake. Ina mwa midzi ija inapitiriza kulandira kanema kudzera m'milongoti ya pansi imene boma linamanga, koma yambiri inatsala ndi mbale zopanda ntchito. Dziko la India linaphunzirapo kuti lifunika setilaiti yakeyake, ndipo kuyambira mu 1983 setilaiti ya INSAT-1B inathandiza kufalitsa kanema m'dziko lonse.

Mlongoti wa ku Pij sunadalire setilaiti yobwerekayo pa mapologalamu ake a m'deralo, choncho unapitiriza ntchito. M'katikati mwa zaka za m'ma 1980 ntchito ya ku Kheda inalandira mphotho ya UNESCO ya kufalitsa uthenga kumidzi. Koma wailesi ya kanema ya dziko lonse, Doordarshan, inali itayamba kale kulowera kwina. Malonda otsatsa anayamba kuulutsidwa mu 1976, zithunzi zamitundumitundu zinafika mu 1982, ndipo amalonda ankafuna oonera a m'tauni okhala ndi ndalama zogulira sopo ndi zakudya za m'mapaketi. Mu 1985, ku Ahmedabad kutaimikidwa makina amphamvu ofikanso ku Kheda, boma linalamula kuti makina a ku Pij asamutsidwire ku Madras, mzinda umene lero ndi Chennai, kuti akathandize kutsegula tchanelo chachiwiri cha anthu a mumzinda. Anthu a m'midzi ya ku Kheda anachita zionetsero zokana, koma mapeto ake makinawo anachotsedwa. Zithunzi zinapitiriza kufika m'midzimo, zowala kuposa kale, koma nkhope za anthu a kumeneko zinayamba kusowa pa galasi.

Alimi a ku Gujarat anali atasonyeza kale kuti nkhani yawo amaiona kukhala yamtengo. Mu 1976 alimi a mkaka 500,000 anasonkha ma rupee awiri aliyense kulipirira filimu ya Manthan, yokamba za kuyambika kwa kopaletivi ya mkaka m'mudzi. Filimuyo inali yawo chifukwa anailipira okha. Mlongoti wa ku Pij sunali wawo pa pepala lililonse, ndipo n'chifukwa chake kalata imodzi yochokera kutali inatha kuuchotsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zimene zatsala

Lero mlimi wa ku Pij ali ndi matchanelo mazana komanso foni ya m'manja yoonetsa makanema a pa intaneti. Kuyambira mu Meyi 2015 Doordarshan ili ndi tchanelo chapadera cha alimi chotchedwa DD Kisan. Maola anayi aja asanduka usana ndi usiku wonse. Ngakhale zili choncho, mafunso amene anthu a 1975 anakumana nawo sanathe, ndipo ndi omwewo amene amakumana ndi mlangizi wa zaulimi, wa zaumoyo kapena wa chitukuko cha m'midzi kum'mwera ndi pakati pa Africa akalandira kanema, batire ndi sola kuchokera ku bungwe lothandiza.

Kodi chipangizocho chikhala pamalo pamene anthu amasonkhana kale, monga pa chigayo, pa sikelo ya ana kapena pogulitsira mkaka ndi mbewu, kapena chitsekeredwa mu ofesi? Kiyi asunga ndani, ndipo iyeyo akachokapo atsegula ndani? Chikawonongeka akonza ndani, ndi ndalama zochokera kuti, ntchito ya bungwelo ikadzatha? Nthawi yoonera ikugwirizana ndi ntchito za amayi, kapena yasankhidwa poganizira abambo okha? Pologalamu yolangiza za mbewu yatsopano ikatha, kodi mbewuyo ikupezeka pa msika wapafupi pa mtengo woti mlimi angakwanitse? Ndipo koposa zonse, kodi pali njira yoti dandaulo la mudziwo lijambulidwe n'kukafika kwa amene ayenera kuyankha?

Funso lomalizali lero n'losavuta kusiyana ndi kale. Kamera imene mu 1975 inkafuna galimoto ndi amisiri ochokera ku Ahmedabad tsopano ili m'thumba la wachinyamata wa pamudzi. Kalabu ya alimi itha kujambula mnzawo amene wapambana pa kukolola madzi kapena kupanga manyowa, n'kuonetsa madzulo m'chinenero chawo, mwini wakeyo ali pomwepo kuyankha mafunso. Zimene anthu a ku Kheda anamenyera mu 1985 zinali zomwezo: kuti pa maola onse a tsiku la kanema pakhale nthawi ina, ngakhale yochepa, imene mudzi ukudzionera wokha ndi kulankhula nkhani zake.